MP3, Opus, AAC kapena AMR: iti imalira m'foni, iti imakana pa sipika ya agogo

Anzanga a kwaya kuno ku Luchenza, ndi ena a ku Chonde ndi ku Bvumbwe amene timakumana nawo pa zikondwerero za maimbidwe, andifunsa funso limodzi mpaka khutu langa latopa. "Achimwene, nyimbo zija munatumiza zikukana m'foni mwanga, chalakwika n'chiyani?" Wina amati kwake zikulira ndithu, koma a sopulano akungomveka tswii-tswii. Winanso amati memole yadzaza pamene wangoikamo maulaliki owerengeka. Poti ntchito yojambula kwaya ndi maulaliki a Lamlungu inagwera ine, ndiponso ndine amene ndimagawira anthu, ndati ndilembe kamodzi kokha, wofunsanso ndizingomutumizira zimenezi.

Za kamera, kukula kwa sikirini ndi zina zimene ogulitsa mafoni amakuuzani musanafunse n'komwe, sindizikhudza. Ine ndikukamba za mafayilo a mawu ofinyidwa kwambiri, a mitundu ya MP3, Opus, AAC ndi AMR, aja ang'onoang'ono amene timawakonda chifukwa sadya bandulo, kumene amalira ndi kumene amakana. Vutoli si la lero. Mu 2000 kampani ya Compaq inatulutsa kakompyuta ka m'manja kotchedwa iPAQ kokhala ndi malo okwana 32 MB basi, ndipo amene ankafuna kumverapo nyimbo ankachita kuzifinya mpaka zikwane. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu nayonso ndi kompyuta ya m'manja, kungoti malo ndi ambiri. Chotisautsa ife kuno n'chakuti tili ndi zida zitatu zosamvana: foni ya Android, kafoni ka mabatani ka agogo, ndi sipika kapena wayilesi ya sola ija yolowetsa memole ndi fulashi. Fayilo ikalira bwino pa chimodzi, si ndiye kuti ilira pa zinazo. Munthu wokuuzani kuti mtundu wakutiwakuti ndiye wopambana, asanakufunseni kuti mukamvera pa chiyani, sanagawirepo mpingo nyimbo.

Gwirani kaye masamu awa, chifukwa pali anthu amene amadyera pa kusawadziwa kwathu. Kukula kwa fayilo kumatengera nambala ya kbps, imene imanena kuchuluka kwa data imene sekondi iliyonse ya mawu imadya, ndi kutalika kwa zojambulazo, osati dzina la mtundu wake. Tengani nambala ya kbps, igaweni pawiri, muchotseko pang'ono, mwapeza ma MB a ola limodzi. Ulaliki wa ola limodzi pa 128 kbps ndi pafupifupi 58 MB. Pa 64 kbps ndi 29 MB, pa 32 kbps ndi 14 MB, pa 16 kbps ndi 7 MB. Ola lomwelo losafinyidwa, monga zimakhalira pa CD, limapitirira 600 MB. Choncho MP3 ya 32 kbps ndi Opus ya 32 kbps zimadya malo ofanana. Mpikisano uli pakuti m'malo omwewo, iti yasunga mawu omveka.

Mitundu inayi yonseyi imachepetsa fayilo potaya zina. Imasaka mawu amene khutu la munthu silingawagwire, monga kaphokoso kakang'ono kobwera pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma yaikulu, n'kuwachotsa. Mukafinya pang'ono, palibe amazisowa zotayidwazo. Mukapanikiza kwambiri, imayamba kutaya zimene timamvadi, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi mawu okwera: kuwomba m'manja, maseche, nthungululu, ndi s kapena tch pakamwa pa mlaliki. Chatayidwa chatayidwa, palibe pulogalamu ingachibweze.

Ndiyambe ndi MP3, ndipo ndinene poyera kuti ndili ku mbali yake. Ndi yakale zedi. Muyezo wake unatuluka mu 1993, ntchito yaikulu yoikonza inachitikira ku bungwe la kafukufuku la Fraunhofer m'dziko la Germany, ndipo ziphaso zomaliza zolipiritsa opanga zida zinatha mu 2017. Pa luso la kufinya, Opus ndi AAC zimaisiya kumbuyo, zimenezo sinditsutsa. Pa 128 kbps kwaya imamveka bwino, ndipo pa masipika amene tili nawo kuno palibe angadandaule. Pa 64 kbps ya sitiriyo, m'manja mumayamba kumveka waa-waa m'malo mwa phwa-phwa. Pa 32 kbps ya sitiriyo ndiye nyimbo yapita, mumangoizindikira chifukwa mumaidziwa kale.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachita, chomwe chimasintha nkhani yonse: mono. Fayilo ya sitiriyo imanyamula mbali ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Ulaliki umatuluka pakamwa pamodzi, umajambulidwa ndi maikolofoni imodzi, ndipo agogo akaumvera pa sipika imodzi. Mbali yachiwiriyo ndi ya ndani? Mukauika pa mono, ma kbps onse amagwira ntchito pa mbali imodziyo. MP3 ya 64 kbps ya mono imatulutsa mawu a abusa oyera bwino, ndipo ngakhale kwaya yojambulidwa ndi foni imodzi pa benchi ya kutsogolo siwonongeka kwenikweni. Pa 32 kbps ya mono kulankhula kumamvekabe liwu ndi liwu, kungoti kumachita mdima pang'ono. Ambiri anazolowera 32 kbps chifukwa kwa zaka zambiri WhatsApp inkalola 16 MB yokha pa fayilo ya mawu kapena kanema, ndipo ola limodzi la 14 MB linkakwana bwinobwino. Kuyambira 2022 mukhoza kutumiza mpaka 2 GB ngati document, choncho malire aja sakutipanikizanso. Chotipanikiza ndi bandulo ya wolandirayo.

Chimene MP3 imawinira n'chimodzi, koma n'chachikulu: imalira paliponse. Mu minibasi ya pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza, pa sipika ya pa golosale ku Chitakale, pa kafoni ka mabatani, pa wayilesi ya sola ku Thekerani, ngakhale pa DVD yakale yolowetsa fulashi. Sindinaonepo chida cholowetsa memole chitakana MP3 yeniyeni. Mawu akuti yeniyeni ndawanena dala, ndibwererako.

Tsopano Opus. Ambiri mumaigwiritsa ntchito tsiku lililonse osadziwa, chifukwa ma voice note onse a pa WhatsApp ndi Opus. Tsegulani foda yake muone, mupeza mafayilo oyamba ndi PTT, kenako deti, n'kuthera ndi .opus. Muyezo wake unakhazikitsidwa mu 2012, ataphatikiza luso la mawu olankhula limene anakonza a Skype ndi la nyimbo limene anakonza a bungwe la Xiph.Org. Imayambira pa 6 kbps kukafika pa 510 kbps, ndipo aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito osalipira. Pa kufinya kwambiri, iyi ndiye mfumu. Ulaliki pa Opus ya 16 kbps, 7 MB yokha pa ola, m'khutu mwanga umamveka bwino kuposa MP3 ya 32 kbps, pamene malo yadya theka. Pa 24 kbps mumamva ngakhale abusa akupuma pakati pa vesi.

Ine ndimayesera mitunduyi pa tchopa chimene ndinajambula ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Guleyu, amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa zikhalidwe zofunika kusungidwa mu 2014, amavinidwa ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula, ndipo pamwamba pa ng'omazo pamakhala kuimba, m'manja ndi nthungululu zonse pakamodzi. Palibe chovuta kufinya kuposa chimenecho. MP3 ya 64 kbps ya sitiriyo imasakaniza ng'oma yaing'ono ndi m'manja, ndipo kugunda kulikonse kumabwera ndi kaphokoso kotsogola ng'omayo isanalire. Opus pa 48 kbps imasiya ng'oma iliyonse payokha, mukhoza kuitsatira. Si khutu langa lokha ayi: pa mayeso omvera amene anthu a gulu la pa intaneti la Hydrogenaudio anachita mu 2011 pa 64 kbps, Opus inaposa mitundu ina iwiri, HE-AAC ndi Vorbis.

Nanga n'chifukwa chiyani sindikungonena kuti tonse tipite ku Opus? Chifukwa kunja kwa foni ya Android imasanduka mlendo wosadziwika. Timafoni ta mabatani tambiri sitiiona n'komwe. Masipika ndi mawayilesi olowetsa memole ambiri amawerenga MP3, ena amaonjezera WAV ndi WMA, basi. Mukaikamo Opus amangoilumpha, kapena amalemba kuti mulibe kanthu. Ngakhale pa Android penipeni nkhani imatengera msinkhu wa foni. Android inayamba kumva Opus pa 5.0 mu 2014, koma dzina lothera ndi .opus linayamba kuzindikirika lokha pa Android 10. Ngati foni yanu ili pa Android 7, 8 kapena 9, ndipo pulogalamu yobwera ndi foniyo ikukana fayilo, sinthani mapeto a dzina kuchoka pa .opus kukhala .ogg, nthawi zambiri imalira. Izi zimatheka chifukwa mkati mwake fayiloyo ndi ya mtundu wa Ogg kale, mwangoiuza foni zoona.

Pali kenanso kamene kamazunguza anthu mutu. Mufoda ya ma voice note muli kafayilo kobisika kotchedwa .nomedia, kamene kamauza mapulogalamu oimbira nyimbo kuti asalowemo. N'chifukwa chake chiphunzitso chimene alamu anu anakutumizirani ngati voice note simuchipeza pa mndandanda wa nyimbo. Chikopereni ku foda ya Music, chioneka. Pa mafoni atsopano fodayo ili mu Android, media, com.whatsapp, osati panja pomwe inkakhala kale.

Pa mapulogalamu oimbira sindichedwapo. Yobwera ndi foni imakwanira ngati zanu zonse ndi MP3. Ikangokumana ndi zachilendo, ikani VLC. Inayamba ngati ntchito ya ophunzira pa École Centrale ku Paris mu 1996, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imabwera ndi zomasulira mafayilo zakezake, moti sidalira kuti foni yanu ndi yakale bwanji. Opus, AAC, AMR, zonse imatsegula. Pa maulaliki ataliatali imakumbukira pamene munalekezera, imalola kuchepetsa kapena kuwonjezera liwiro, ndipo alto athu amaikonda pophunzira mzere wovuta pang'onopang'ono. Imadya malo ochulukirapo, ndiye pa foni yodzaza kale mufufute kaye zithunzi za m'magulu. Musicolet ndi yopepuka, silowa pa intaneti n'komwe, ndipo imasanja bwino nyimbo potsata mafoda, koma kwa munthu amene amalandira mafayilo a mitundumitundu ine ndimaika VLC. Aja okongola okhala ndi mawala ovinavina, amene amaonetsa kanema wa malonda nyimbo ikangotha, asiyeni. Nyimbo ili m'memole mwanu, bandulo ikutheranji? Za batire musade nazo nkhawa: kusiyana kwa MP3 ndi Opus pa foni za masiku ano n'kochepa, chimamaliza moto ndi sikirini ndi netiweki yosakasaka.

AAC, imene nthawi zambiri imathera ndi .m4a, ili pakati. Inabwera mu 1997, ndipo pa kbps zofanana imaposa MP3. Mafoni onse a Android ndi iPhone amaitsegula, timafoni ta mabatani tina timatero, tina ayi. Mtundu wake wofinyira kwambiri ndi HE-AAC wa mu 2003, umene susunga mawu okwera enieniwo koma umasiya malangizo oti chida choimbira chiwapangenso. Pa foni yabwino, nyimbo ya 48 kbps imamveka modabwitsa. Koma chida chimene chimangodziwa AAC wamba chimaimba gawo la pansi lokha, malangizo aja osawawerenga, ndiye nyimbo imatuluka yopanda kuwala konse. Imeneyi ndiye imandinyansa kuposa Opus. Opus ikakana imakaniratu, umadziwa chochita. HE-AAC imavomera n'kuimba moipa, anthu n'kumati kwaya ya ku Luchenza inaimba ili ndi chimfine.

Apa ndi pamene pali nkhani ya MP3 yeniyeni ija. Mawu a pa YouTube amasungidwa ngati AAC kapena Opus. Timapulogalamu tina totsitsira timangotenga fayiloyo n'kuimata dzina lothera ndi .mp3, mkati osasintha kanthu. Pa foni imalira, chifukwa foni imasuzumira mkati. Pa sipika imalumphidwa. Munthu amalumbira kuti ndi MP3, akuonetsa ndi dzina lomwe. Itsegulireni pa VLC, pitani pa Information, ikuuzani chimene chili mkati. Kusintha dzina si kusintha fayilo.

AMR ndiitchule chabe chifukwa timafoni ta mabatani tambiri timajambulira momwemo. Anaikonzera kuimbirana foni mu 1999, imathera pa 12.2 kbps, pafupifupi 5.5 MB pa ola, ndipo imadula mawu onse opitirira 3,400 Hz. Pa msonkhano wa kwa amfumu kapena wa banki m'khonde, pofuna kungosunga kuti ananena ndani, imathandiza. Pa nyimbo, musayerekeze.

Tsopano chimene chinandiwawa, chomwenso chandilembetsa zonsezi. Amayi a Mvano anali ndi ziphunzitso zimene analandira pa WhatsApp, zina .opus zina .m4a, ndipo ankafuna kuti ziikidwe m'mamemole kuti amayi achikulire opanda mafoni akuluakulu azimvera pa mawayilesi kunyumba. Amayi wapampando anandipeza titaweruka ku tchalitchi. "Mwanangu, zimenezi mumazidziwa ndinu, tithandizeni lisanafike Lachinayi." Laputopu imene ndimagwiritsa ntchito inali itapita ndi mwini wake ku Blantyre. Ndinatsitsa pulogalamu ina yosinthira mafayilo pa foni pomwepo, yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi yaulere, nyenyezi zake zochuluka. Dzina sinditchula, ndipo zilipo zambiri zofanana nayo.

Palibe paliponse pamene inanena kuti kusinthako sikuchitikira m'foni. Imatenga fayilo yanu, kuikweza pa intaneti kupita ku makompyuta awo kunja, kuisinthira komweko, kenako inu n'kuitsitsanso. Pa sikirini pamangoyenda kamzere kolembedwa kuti ikusintha, inu n'kumaganiza kuti foni ikugwira ntchito, pamene ikugwira ntchito ndi bandulo. Ndiye onani masamu aja. Chiphunzitso cha ola limodzi cha Opus ya 16 kbps ndi 7 MB. Pulogalamuyo, pa gawo laulerelo, sinkalola kusankha kbps, inkangotulutsa 128 ya sitiriyo. Kukweza 7 MB, kutsitsa 58 MB, pamodzi 65 MB pa chiphunzitso chimodzi, osawerengera makanema a malonda amene ankabwera fayilo isanayambe ndiponso ikatha. Fayilo yotulukayo inali yaikulu kasanu ndi katatu kuposa yoyambayo, koma mawu omwewo, osakongola ngakhale pang'ono, chifukwa zimene Opus inataya pa 16 kbps sizingabwerere poziika m'chotengera chachikulu.

Bandulo imene ndinagula kuti indifikitse kumapeto kwa mwezi inatha usiku womwewo. Netiweki ya kwathu kuno kukachita chiperoni imabwera n'kumapita, ndipo ikaduka pakati, pulogalamuyo sinkapitiriza pomwe yalekezera, inkayambiranso kukweza. Nditagulanso mayunitsi kuti ndimalize ntchito ya amayi, inanditsekera khomo: gawo laulere latha, kuti mupitirize lipirani pa sabata, m'madola, pa khadi ya ku banki. Kusankha 64 kbps ndi mono, zinthu ziwiri zokhazo zimene ndinkafuna, zinali kuseri kwa malipirowo. Munthu wothyola tiyi ku esiteti, amene wasunga kangachepe kuti agule bandulo ya sabata, akakumana ndi chinthu chotere amangoona kuti foni yamudyera ndalama, osadziwa kuti wadya ndani. Chimandipweteka n'chakuti kusintha fayilo ya mawu ndi ntchito yopepuka imene foni yotchipa ikhoza kuchita yokha popanda netiweki. Amaikweza dala pa intaneti kuti apeze pokugwirirani.

Njira yozigwirira ndi yachidule. Mukatsitsa pulogalamu yosinthira mafayilo, ikani foni pa flight mode, muyese kusintha kafayilo kamodzi. Ikasintha, ndi yoona. Ikati ikufuna intaneti, ifufuteni nthawi yomweyo, musaipatse mpata wachiwiri. Yang'ananinso ngati ikukulolani kusankha kbps ndi mono musanalipire kanthu. Ine kuchokera pamenepo ndimadikira laputopu, ngakhale amayi adandaule kuti ndachedwa. Pa laputopu pali Audacity, yaulere, yosafuna intaneti: kutsegula fayilo, kuphatikiza mbali ziwiri zikhale imodzi, kukweza mawu ngati ali otsika, kudula phokoso la mabenchi koyambirira, n'kutulutsa MP3 pa kbps zimene wafuna. Mafayilo a .m4a amafuna kuti muwonjezere kachidutswa kotchedwa FFmpeg, kamodzi kokha, nakonso n'kaulere.

Chinthu china chimene chimawononga zojambula zathu kuposa mtundu wa fayilo ndi kufinya chofinyidwa kale. Nyimbo imajambulidwa pa AAC, wina aisintha kukhala MP3, wachitatu aimba pa sipika n'kuijambulanso ngati voice note kuti atumizire gulu, wachinayi abwera nayo kwa ine kuti ndiibwezere ku MP3. Ife a ku Thyolo tikudziwa zimene zimachitika ukaphika masamba a tiyi omwewo kachitatu: mtundu umaoneka, koma tiyi mulibe. Kufinya kulikonse kumataya zakezake pamwamba pa zotayidwa kale. Choncho wojambula asunge fayilo yoyambirira osaikhudza, ndipo mtundu uliwonse wogawira anthu uzichokera pa yoyambayo. Pamene palibe kuchitira mwina, monga ziphunzitso za amayi zija zimene zinafika zili kale pa Opus, sinthani kamodzi kokha, ku MP3 ya 48 kapena 64 kbps ya mono. Kupitirira apo n'kungodzaza memole.

Anyamata a ku burning sindiwanyoza, ambiri amadziwa ntchito yawo, ndipo ndi amene amathandiza anthu opanda laputopu. Koma kasitomala akati "ndiikireni zambiri" pa memole ya 2 GB, ena amazipanikiza zonse pa kbps zotsika kuti chiwerengero chikome. Pa 128 kbps nyimbo ya mphindi zinayi ndi pafupifupi 4 MB, ndiye 2 GB imanyamula nyimbo pafupifupi 500. Mufunanso zingati? Auzeni kuti, "Achimwene, mungokopera mmene ziliri, musachepetse." Za nyimbo za oimba ena ndi chilolezo cha COSOMA ndi nkhani ina, ine ndikukamba zojambula zathu zomwe.

Memole nayo imanamiziridwa mlandu wa fayilo, kapena fayilo kunamiziridwa mlandu wa memole. Timafoni ta mabatani ndi masipika ambiri amawerenga memole yosapitirira 32 GB yokonzedwa pa kasanjidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32. Za 64 GB kupita m'tsogolo zimabwera pa kasanjidwe kena, exFAT, ndipo zida zimenezi siziiona. Palinso mamemole achinyengo, olembedwa 32 GB pamene mkati muli malo ochepa kwambiri. Amalandira mafayilo onse osakana, mayina onse amaoneka, koma malo enieni akatha zinazo zimawonongeka, ndiye mumaona nyimbo zina zikulira zina zikukana popanda chifukwa. Pa kompyuta ya Windows kapulogalamu ka H2testw kamadzaza memole yonse n'kuwerenganso, n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni. Kwa agogo, 4 GB kapena 8 GB yoona yakwana: maulaliki a ola limodzi a 64 kbps opitirira 130 amalowa mu 4 GB.

Ndiye ine ndimachita chonchi, ndipo amene akufuna kutsutsa atsutse. Zotumiza pa WhatsApp kwa anthu a mafoni a Android, pamene nkhawa ndi bandulo, Opus ya 24 kbps pa kulankhula ndi 48 kapena 64 kbps pa kwaya, wolandira aike VLC. Chilichonse chokalowa m'memole ya munthu amene sindikudziwa kuti akamvera pa chiyani, MP3 basi: 64 kbps ya mono pa ulaliki, 128 kbps pa kwaya ndi magule. Ndikudziwa kuti ndikutaya malo ochuluka kuposa amene Opus ikanadya. Koma amayi a ku Masambanjati akakwera kabaza kubwerera kwawo ndi memole yosalira, malo ndinasungawo athandiza ndani? AAC ikafika yokha ndimaisiya mmene iliri pa foni, koma sindipangira munthu dala.

Potulutsa MP3 yogawira anthu, sankhani kbps zokhazikika, zolembedwa Constant kapena CBR, osati Variable. Variable imasunga malo pang'ono, koma masipika ena otchipa amasokonezeka nayo, amaonetsa nthawi yolakwika, ndipo mukafuna kudumphira pakati pa ulaliki amakubwezani koyambirira. Mayina a mafayilo akhale aafupi, oyamba ndi 01, 02, 03, opanda zizindikiro zachilendo. Ndipo dziwani kuti ambiri mwa masipikawa satsata mayina, amatsata ndondomeko imene mafayilo analowera m'memole. Ngati chiphunzitso chili ndi magawo asanu, fufutani kaye zonse za m'memolemo, kenako kopererani gawo loyamba lokha, likatha lachiwiri, mpaka lomaliza. Mukazisankha zonse pakamodzi n'kuziponya, kompyuta ikhoza kuyamba ndi gawo lachinayi, ndipo sipika idzayambiranso pomwepo.